Phunziro 23: Getsi la Batire mu Msasa wa Kudimba

Amayi ndi abambo, mwezi uno ambiri a ife sitikugona kumudzi. Tikugona kudimba. Kachewere wakhwima, kabichi wamanga mitu, ndipo tikangochoka usiku umodzi, m'mawa tipeza nguluwe kapena akuba atikololera. Mu msasa muli mdima. Parafini ndi wodula, utsi wa koloboyi umalowa m'maso, ndipo foni ikatha moto timayenda mtunda wautali kukaitchajitsa kumsika. Nchifukwa chake ambiri tsopano akugula batire laling'ono, ena amati bateriya, kuti aziyatsira getsi ndi kutchajira foni komweko kumunda.

Tiyambe tawerenga pamodzi mau awa, kenaka aliyense awalembe m'kope mwake:

batire, waya, fyuzi, babu, swichi, tchaja

Liu lachitatulo mulilembe kawiri. Mumva chifukwa chake tsopano apa.

Chaka chatha, nyengo yozizira, ife aphunzitsi anu tinafuna kuchotsa koloboyi m'chisakasa chimene tinali kuphunziriramo madzulo. Tinabwereka batire la njinga yamoto. Tinagula waya wotchipa pamsika, tinaupota ndi zala pamitu ya batire, tinaudutsitsa pamwamba pa phaso m'kati mwa udzu, n'kupachika babu. Linayaka! Ophunzira anaomba m'manja, ifenso tinadziona ngati akatswiri. Masabata atatu zonse zinali bwino. Tsiku lina tiri m'kati mowerenga tinamva fungo la mphira wopserera. Poyang'ana kumwamba, waya uja anali atafiira ngati khala, udzu ukufuka. Makoswe anali atatafuna chikopa cha mawaya, mawaya awiri aja n'kukhudzana. Amayi anathamangira kuchitsime ndi ndowa. Palibe amene anapsa, koma mbali imodzi ya tsindwi inatha, ndipo makope amene tinkasunga pa phaso anatha nayo.

Tisanamizire makoswe. Mlandu unali wathu. Tinkati, "Kabatire kakang'ono aka kangachite chiyani? Sikagwira munthu." Zoona, batire la 12V mungaligwire mitu yonse iwiri ndi manja osamva kanthu. Siligwira, koma limaotcha. Mawaya awiri akakhudzana popanda babu pakati, mphamvu yonse ya m'batire imatuluka nthawi imodzi, waya n'kusanduka moto. Tikadaika kachinthu kamodzi kotchedwa fyuzi, kotchipa kuposa botolo la parafini, getsi likadangozima basi.

Kuwerenga zolembedwa pa batire

Tengani batire, mulipukute fumbi, muyang'ane pambali pake. Mupeza nambala ndi zilembo, monga izi: 12V 7Ah. Kale ambiri a ife tinkangoona ngati zokongoletsa. Lero tiziwerenga.

Ganizirani mgolo wa madzi umene mwauika pa thandala kuti muthirire mbeu ndi paipi. Mgolo ukakhala pamwamba, madzi amatuluka ndi mphamvu. Kukankha kumeneko, pa magetsi, ndiko mavoliti. Chilembo chake ndi V. Kuchuluka kwa madzi amene akuyenda m'paipimo ndiwo maampu. Chilembo chake ndi A. Kukula kwa mgolo weniweniwo ndiyo nambala iri ndi Ah. Batire la 7Ah ndi kachidebe. La 18Ah ndi ndowa. La galimoto, la 60Ah, ndiwo mgolo.

Pa babu mupeza chilembo china, W, ndiwo mawati. Chimatiuza madyedwe a babulo. Babu la 3W limadya pang'ono. La 21W, longa lija la mabuleki kumbuyo kwa galimoto, limadya kasanu ndi kawiri kuposa apo. Zilembo zitatuzi zinachokera ku maina a anthu: Volta wa ku Italy, Ampère wa ku France ndi Watt wa ku Scotland. Batire la mtovu ndi asidi limene tikugwiritsali analipanga koyamba Gaston Planté, ku France komweko, m'chaka cha 1859. Ndi lakale ndithu kuposa agogo athu.

Wina afunsa kuti, nanga magetsi a ku Cahora Bassa? Damu lija linamangidwa pa Zambezi kuyambira 1969 mpaka 1974, ndipo makina ake ali ndi mphamvu ya mamegawati 2,075. Koma msasa wa kudimba chaka chino uli apa, chaka chamawa tausunthira kutsidya. Palibe amene adzadzala mitengo ya magetsi kutsata msasa. Kumunda tidzadalirabe batire.

Pa mitu ya batire pali zizindikiro ziwiri zimene tinaphunzira kale pa masamu. Mutu wina uli ndi + ndipo kawirikawiri ndi wofiira. Wina uli ndi – ndipo ndi wakuda. Waya wofiira ndi wa ku +. Waya wakuda ndi wa ku –. Ngati pamsika mwapeza waya wa mtundu umodzi wokha, mangani kansalu kofiira kunsonga zonse ziwiri za waya wa ku + musanayambe ntchito.

Kodi batire lathu likwana?

Apa tikhalepo pang'ono, chifukwa ndalama za anthu ambiri zimatayikira pomwepa. Munthu amagula batire limene thumba lake lakwanitsa, osawerengera chimene adzadyetse.

Lamulo lake ndi ili: mawati tichulukitse ndi maola, yankho tigawe ndi 12.

Tinene kuti mu msasa muli mababu awiri a LED, lina m'kati, lina pakhomo loyang'ana kumunda. Lililonse ndi la 3W. Onse awiri ndi 6W. Tikuyatsa maola 4.

6 × 4 = 24
24 ÷ 12 = 2

Mababu athu adya 2Ah usiku umodzi. Foni yaikulu yopanda mabatani, ikakhala kuti yatheratu, imadya pafupifupi 2Ah kuti idzaze. Kafoni ka mabatani sikafika ngakhale theka la 1Ah. Tsono mababu awiri ndi foni yaikulu imodzi ndi 4Ah pa tsiku.

Mwina mukuti, ndiye batire la 7Ah likwana, n'kutsalako 3. Iai. Batire la mtovu safuna kulikokolola mpaka pansi. Timamwa theka lokha, theka linalo timasiya. Mukamalimaliza tsiku ndi tsiku mpaka getsi kuchita kufiira, silitha nyengo imodzi, lafa. Theka la 7 ndi 3 ndi theka. Sizikufika pa 4. Batire la 7Ah lichepa. La 12Ah litipatsa 6, likwana tsiku limodzi. La 18Ah litipatsa 9, ndiye kuti ngakhale kutakhala chiperoni tsiku lathunthu, sola osagwira ntchito, tigonabe poyera.

Za batire lakale la galimoto, limene amakaniko amagulitsa motchipa, maganizo athu ndi awa: musathamangire kukula kwake. Batire la galimoto analipangira kuliza injini kamphindi kochepa, kenaka injini n'kulibwezera mphamvu nthawi yomweyo. Kuyatsa getsi usiku wonse si ntchito yake. Ndiponso mwini wake sakadalichotsa likadakhala lamoyo. Ngati ndi lokhalo limene muli nalo, ligwiritseni, koma musalilipire ndalama zambiri. Pogula latsopano funsani la sola.

Kulumikiza

Batire muliike patali kaye. Ndilo lomaliza kulumikiza.

Waya akhale wa kopa, wolembedwa 1.5mm. Ngati getsi la panja liri kutali, kupitirira mamita 5, gulani wa 2.5mm. Waya woonda ali ngati paipi yopapatiza: madzi amafika kumapeto atatopa, getsi limayaka mofooka, wayayo n'kumatentha. Pamsika pali waya wina wooneka wofiirira kunja koma m'kati ndi aluminiyamu. Palani kansonga ndi mpeni wogulitsa akuona. Mukaona zoyera m'kati, musiyeni.

Tsopano fyuzi. M'kati mwa fyuzi muli kachitsulo koonda kwambiri. Magetsi akachuluka kuposa nambala yolembedwa pamsana pake, kachitsuloko kamasungunuka, njira n'kuduka, waya asanatenthe. Mlimi wochenjera akatseka mtsinje kuti apatutse madzi, amasiya malo amodzi otsika kuti madzi akasefukira adutse pamenepo, asagumule khoma lonse. Fyuzi ndiyo malo otsikawo.

Fyuzi zosalala za m'galimoto zimapezeka kwa ogulitsa zitsulo za galimoto ndi njinga zamoto. Mugule pamodzi ndi kanyumba kake kokhala ndi mawaya awiri. Mtundu wa fyuzi umanena kukula kwake: ya 5 ndi yotuwira ngati dothi, ya 10 yofiira, ya 15 yabuluu, ya 20 yachikasu. Koma ife tsopano timadziwa kuwerenga, tiziona nambala. Mababu awiri ndi tchaja imodzi sizidutsa maampu 2. Fyuzi ya 5 ndiyo yoyenera. Mugule zitatu, ziwiri zikhale zosungira.

Malo ake ndi amodzi okha: pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi mutu wa +, osapitirira chikhatho chimodzi. Ena amaiika kutali, pafupi ndi babu. Pamenepo siteteza kanthu. Fyuzi imateteza waya amene ali kutsogolo kwake. Waya yense wa pakati pa batire ndi fyuzi alibe mlonda, nchifukwa chake ayenera kufupika.

Kuchokera pa fyuzi, waya wofiira apite pa kachipangizo kolumikizira mawaya ka tizisikuluu. Apo ndi pogawira. Chinthu chilichonse chitenge waya wake wofiira pamenepo, monga mmene mzere uliwonse wa kachewere umatengera madzi ku ngalande yaikulu. Waya wa babu adutse pa swichi, kenaka afike pa babu. Kuchokera pa babu, waya wakuda abwerere ku mutu wa –. Babu lachiwiri chimodzimodzi, ndi mawaya akeake. Musalumikize mababu mondondozana, waya kutuluka mu ili n'kulowa mu ilo. Mukatero agawana mavoliti 12 aja, onse ayaka ngati ziphaniphani kapena osayaka n'komwe, ndipo limodzi likafa linzake lizima.

Babu liyenera kukhala lolembedwa 12V. La m'nyumba za m'tauni, lolembedwa 220V, pa batire siliyaka. Mababu ambiri a LED amasankha mbali. Likakana kuyaka musanene msanga kuti anakuberani. Sinthanitsani mawaya ake awiri, muyesenso.

Foni imadya mavoliti 5, osati 12. Mukaipatsa moto wa batire mwachindunji, mwaipha. Pakati pamafunika tchaja ya m'galimoto, yokhala ndi kabowo ka USB. Imeneyo ndiyo imatsitsa 12 kufika pa 5. Gulani pamodzi ndi soketi yake yozungulira. Kachitsulo ka pakati pa soketiyo ndi ka +, ka m'mbali ndi ka –. Apa musasinthanitse, chifukwa tchaja zambiri zimapsa nthawi yomweyo. Mukamaliza kutchaja izuleni, pakuti kanyale kake kamadyabe pang'onopang'ono usiku wonse.

Pali ena amagula kabokosi kotchedwa inverter, kosandutsa 12V kukhala 220V, kuti alowetse tchaja ya kunyumba. Ife tikuona kuti n'kutaya ndalama. Mwakweza magetsi kufika 220, kenaka tchaja iwatsitsenso kufika 5, ndipo paliponse mphamvu ina ikutayika. Kabokosiko kamadya ngakhale foni isanalowe. Choopsa china n'chakuti 220V ndiyo imagwira, imapha. Mu msasa wa chinyontho, mmene ana amalowa opanda nsapato, sitiifuna.

Polumikiza paliponse pakhale pothina. Kupota ndi zala, monga tinachitira ife, sikulimba. Polumikiza pogwedera pamatentha. Mangani ndi sikuluu, mukoke pang'ono kuona ngati pagwira, mukulunge ndi tepi ya magetsi, osati mapepala a pulasitiki ong'amba. Waya asalowe mu udzu. Mulowetseni m'chidutswa cha paipi yakale yothirira, mumangirire paipiyo kunsi kwa phaso kapena pa nsichi, pamene maso akuona. Makoswe akayamba kutafuna muona msanga.

Zonse zikatha, zulani fyuzi m'kanyumba kake. Mangani waya wofiira ku +, kenaka wakuda ku –. Yang'anani kawiri. Bwezerani fyuzi, yatsani swichi. Pomanga mitu ya batire vulani mphete ndi chibangiri, ndipo sipanala isagone pamitu yonse iwiri. Chitsulo chikakhudza + ndi – nthawi imodzi chimathetheka moto ndi kuotcha dzanja mpaka mnofu.

Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti penapake mawaya akhudzana. Tsatani waya yense ndi maso ndi zala mpaka mupeze pamene pasupuka. Mukonze, ndipo pamenepo muike fyuzi ina ya nambala yomweyo. Tamva za anthu amene amalowetsa msomali, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kuti getsi liyake msanga. Msomali susungunuka. Chosungunuka chidzakhala waya wa kutsindwi.

Kudzaza batire

Amene alibe sola amanyamula batire pa njinga kupita nalo kotchajitsa. Muliimike chilili, mulimange bwino, mitu yake muiphimbe ndi chidutswa cha chubu. Musadikire kuti lithe. Ngati m'gulu lanu muli kamita koyezera magetsi, yezani m'mawa batire litapuma. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ladzaza. Likaonetsa 12.2 lafika pa theka, lipite kotchajitsa lero lomwe. Batire losiyidwa lopanda moto kwa masabata limauma m'kati, silidzadzazanso bwino. Pokolola mukabwerera kumudzi, mulidzaze musanalisunge, ndipo mwezi uliwonse muzilidzazanso.

Sola ya 20W imapereka ampu imodzi ndi pang'ono dzuwa likakhala la mphamvu. Pa maola 5 ndiye pafupifupi 5Ah. Ife tikudya 4Ah. Ikukwana, koma mothinana. Ya 30W ndiyo yopumira. Iyang'ane kumpoto, mopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi, pamalo popanda mthunzi. Tsamba limodzi la nthochi likaphimba pakona, mphamvu imatsika kwambiri.

Sola musailumikize mwachindunji ku batire. Ngakhale amaitcha ya 12V, pa dzuwa yokha imafika mavoliti 20 ndi kupitirira, ndipo imaphika batire lodzaza kale mpaka madzi kuuma. Pakati pamafunika kabokosi kamene ogulitsa ena amati controller, ena regulador. Pa kabokosiko pali zithunzi zitatu: sola, batire, babu. Muyambe kulumikiza batire, kudzera pa fyuzi yathu ija, kenaka sola. Pochotsa muyambe sola. Waya wopita pogawira achokere pa chithunzi cha babu, chifukwa kabokosiko kamazimitsa kokha getsi batire likatsika kwambiri. Kakazimitsa musakalambalale. Kakusungirani batire.

Nyengo ino ku Angónia kumazizira, ndipo mu msasa timasonkha moto. Batire likamadzazidwa limatulutsa mpweya wosaoneka umene umaphulika ukakumana ndi lawi. Likhale mbali ina, kutali ndi moto, pa thabwa, m'bokosi loboola kuti mphepo izidutsa, kumene mwana sangafike. Ngati ndi la zitsekero, muziona madzi ake mwezi uliwonse, masana, osati ndi machesi. Akatsika onjezerani madzi a batire ogula m'botolo mpaka aphimbe zitsulo za m'kati. A pachitsime amaliononga. Asidi musaonjezere. Lopanda zitsekero musalitsegule. Madzi a m'batire akakugwerani m'maso, sambani ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi yaitali, kenaka mupite kuchipatala.

Batire likafa lisatayidwe kudimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo ana asaliswe kufuna mtovu. Mtovu ndi poizoni, umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chilonda chooneka. Alipo amene amagula mabatire akufa. Muwagulitse lathunthu.

Kwa ogona m'galimoto

Ena mwa inu mukakumba kachewere mumakwera naye galimoto kupita ku Tete, n'kugona momwemo masiku awiri kapena atatu kudikira ogula. Malumikizidwe ake ndi omwewa. Ndi omwenso amagwiritsa alendo aja oyenda ndi galimoto zokhala ndi bedi m'kati. Chachikulu n'chakuti getsi ndi mafoni zikhale ndi batire lakelake. Mukadyera pa batire loliza injini usiku wonse, m'mawa mukankha galimoto yodzaza matumba. Lachiwirilo mulimange ndi lamba kuti lisagubuduke m'mabampu. M'galimoto chitsulo chonse cha thupi lake ndi –, motero waya wofiira akangosupuka n'kukhudza chitsulo paliponse, moto wayamba. Podutsa pa bowo la chitsulo muvekeni kachidutswa ka paipi kapena chubu. Pochotsa batire la galimoto muyambe kumasula mutu wa –, pobwezera mumalizire womwewo. Malole ambiri aakulu ndi a 24V. Funsani dalaivala musanalowetse babu kapena tchaja yanu.

Ntchito ya kunyumba

Mayi wina ali ndi mababu atatu a 3W. Amayatsa maola 4, ndipo amatchaja foni yaikulu imodzi. Kodi amadya ma Ah angati pa tsiku? Kodi batire la 12Ah limukwana? Nanga la 7Ah?

Amene muli ndi batire ku msasa, mukopere m'kope zonse zolembedwa pambali pake, chilembo ndi chilembo. Mutenge luzi, muyeze kuchokera pamene pakhala batire kufika pamene papachikidwa babu, luzilo mubwere nalo kuti tidzaliyeze ndi mita. Muyang'anenso pa waya wa ku + ngati pali fyuzi. Ngati palibe, usiku uno mumasule wayayo musanagone, ndipo Lachinayi mubwere ndi batire lanu. Tidzabweretsa fyuzi, tepi ndi sikuludilaiva, tidzamangire pamodzi pansi pa mtengo phunziro lisanayambe.